Chaka Chimene Tinatseka Ngalande Yathu

Ku Kanyama, komboni yaikulu ya m'mphepete mwa mzinda, madzi alibe kopita. Malo ndi athyathyathya, ndipo ukakumba pang'ono chabe khasu limalira pathanthwe. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangozungulira m'makomo kufunafuna nyumba yoti alowemo. Ine ndinabadwira kuno, ndakulira kuno, ndipo imvi zandipeza konkuno. Bambo anga anachokera ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafakitale, ndipo anatisiyira zinthu ziwiri: Chichewa cha m'buku la nyimbo za kutchalitchi, ndi luso lokweza khomo. Chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likafika pachimake, ankawonjezera mzere wa mabuloko pakhomo kuti madzi asalowe. Aneba akaona choncho, nawo ankawonjezera wawo. Mpaka lero mukayenda m'komboni mwathu mupeza nyumba zoti munthu umayamba wakwera, kenako n'kutsikira m'kati. Aliyense ankakankhira madzi kwa mnzake, ndipo panalibe woona cholakwika.

Kukweza khomo kunkateteza m'nyumba mokha. Panja madzi ankagona milungu, obiriwira, onunkha, osakanikirana ndi za m'zimbudzi. Tinkayala miyala yopondapo kuchokera pakhomo mpaka kumsewu, ndipo munthu wopita kuntchito ankanyamula nsapato m'pepala la pulasitiki n'kukavalira pasiteshoni ya minibasi. Matenda a m'mimba ankabwera ndi nyengo yake monga amabwerera mango. Tinali titazolowera, ndipo kuzolowerako n'kumene kunkandikwiyitsa kwambiri.

Komboni yathu anaigawa m'mazoni. Zoni ndi gulu la nyumba zoyandikana, ndipo ili ndi kakomiti kake ndi tcheya wake. Pamwamba pa mazoni pali komiti ya wadi ndi khansala, pamwamba pawo pali khonsolo ya mzinda, ndipo kupitirira apo ndi boma lalikulu, lija timalimva pa wailesi. Ine anandisankha kukhala tcheya wa zoni yathu, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma pakamwa. Ndagulitsa makala m'mbali mwa msewu zaka zambiri, ndipo munthu wozolowera kukangana ndi madalaivala a malole a makala sanong'ona. Tsiku losankhalo mayi wina anaimirira n'kunena m'chilankhulo chathu cha m'tauni kuti, "Tisanke aba. Sibayopa muntu, bazatikambilako." Anthu anaseka, manja anakwera, ine ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Pamsonkhano woyamba ndinanena kuti chaka chino palibe wokweza khomo, tikumbe ngalande imodzi ya tonse. Woyamba kundivomereza anali bambo wa mageti. Timawatchula choncho chifukwa amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pabwalo pawo, moyang'anizana ndi nyumba yanga. Ndi munthu wamfupi, wamakani ngati ine ndemwe, ndipo chaka chilichonse mvula inkawaimitsa ntchito chifukwa makina owotcherera sagwirizana ndi madzi. Iwo ndiwo anayenda ndi chingwe kuyeza modzera ngalande, ndipo iwo ndiwo anatisulira migwala kuchokera ku zitsulo za galimoto yakufa.

Tinayamba mu Juni, Loweruka lililonse kuyambira m'mawa. Dothi silinatitengere nthawi, nkhondo inali thanthwe. Piki inkangodumpha n'kulavula moto. Amayi ophwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba ndiwo anatiphunzitsa njira yawo: kuunjika matayala akutha pamwamba pa thanthwe, kuyatsa, kulisiya lipse, kenako kulithira madzi ozizira. Limalira kuti phwa! n'kung'ambika, amuna n'kulowa ndi mahamala ndi migwala. Utsi wake ndikudziwa kuti si wabwino, musavutike kundiuza; tinkatsokomola zakuda mpaka Lachiwiri. Koma tinkaimba. Amayi a mipingo yosiyana, amene Lamlungu sapatsana ndi moni womwe, ankalandizana ndowa za miyala. Bambo wina woledzera kuyambira Lachisanu ankafika woyamba, ati kukumba kumamuchotsa matsire. Ine ndinkayenda m'mphepete ndi fosholo, theka kukumba, theka kukalipa. Pofika Okutobala tinali ndi ngalande yowongoka, yakuya mpaka m'chiuno, ndipo anthu a m'mazoni ena ankapatuka dala kuti adzaione.

Zoni yathu imathera pachigayo. Ngalande yathu nayo inathera pachigayo. Pamenepo panali kangalande kakale, kakang'ono, kolowera kumunsi, ndipo tinangolumikiza yathu yaikuluyo ku kameneko n'kusasa fumbi m'manja. Palibe anafunsa kuti madzi akadutsa chigayo apita kuti. Ine amene sindinafunse. Kumunsi kwa chigayo ndi zoni ina, ili ndi tcheya wake, ndipo m'mutu mwanga ntchito yanga inkathera pomwe pathera mpando wanga. A komiti ya wadi anabwera kudzaona, anatiyamikira, akhansala anabwereka fosholo yanga n'kujambulitsa ataima m'ngalandemo ndi nsapato zonyezimira. Sindinadandaule. Ndinali nditakhuta ulemu.

Mvula yoyamba yeniyeni inagwa masana, chakumapeto kwa Novembala. Ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno. Madzi aja ankagona pabwalo panga milungu anali kuthamanga m'ngalande, atanyamula mapulasitiki, mabotolo ndi phulusa la matayala athu. Pabwalo panangonyowa basi. Bambo wa mageti anatuluka opanda malaya n'kuyamba kuvina pamvula, mimba ikugwedera, ine ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kunauma. Ndinalowa m'nyumba kukatereka tiyi, koma tiyiyo sindinamwe.

Mwana wanga wamwamuna, amene amayendetsa malole ndipo sakhalitsa pakhomo, anakwatira mtsikana wa kumunsi kwa chigayo, ndipo amakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba yanga. Tsiku limenelo mpongozi wangayo anali atapita kukaona amayi ake. Ndinamuona akubwera chothamanga, chitenje chitamumatirira m'miyendo, n'kugwada m'matope pakhomo panga.

"Ba mami, kunyumba manzi yangena. Yafika mumabondo. Chipupa chang'ambika."

Amayi ake a mtsikanayu, asewere anga, ndi mayi wamasiye wokazinga zitumbuwa. Ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, ndipo ndivomere kuti ndinkawaderera pang'ono chifukwa cha kufatsako. Paukwati wa ana athu ine ndinavina mpaka kuthyola chidendene cha nsapato, iwo anangokhala pampando akumwetulira, ndipo ndinauza anzanga kuti ndapeza asewere ozizira. Nyumba yawo anawasiyira ndi malemu amuna awo: zipinda zitatu za njerwa zosawotcha, zopakidwa simenti kunja. Alibe munda kumudzi, alibe mwana wolemera wokhala ku mayadi. Nyumbayo ikagwa, alibe kwina.

Ndinavala majombo n'kutsatira mpongozi. Titangodutsa chigayo majombowo anatha ntchito, madzi analowera pamwamba. Kangalande kakale kaja sikankaoneka n'komwe. Ndipo madziwo anali akuda, kuda kumene ndinkakudziwa bwino, kwa phulusa la matayala ndi fumbi la makala a pamalo anga ogulitsira. Ndinayenda m'madzi anga omwe mpaka pakhomo pa asewere.

Ndinawapeza akukweza matiresi pamwamba pa tebulo. Atandiona anasiya, n'kuwomba m'manja mwaulemu, madzi ali m'mawondo.

"Ba sebele, mwabwela. Pepani, palibe ponkala."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinayang'ana khoma la kuchipinda: mng'alu unachokera pansi mpaka pawindo, woti dzanja langa n'kulowa. Njerwa za m'munsi zinali zitafewa ngati sopo wogonera m'madzi.

"Myaka yonse manzi yenze kufika chabe pa sitepe," anatero. "Lelo yabwela monga yachita kutumiwa."

Sanatchule wowatuma.

Mawa lake bambo wa mageti ananyamula mapaipi achitsulo n'kukachirikiza khomalo. Pobwerera anandiuza mosabisa kuti zitsulozo n'zongonyengerera mtima. Madzi akadzafikanso m'mawondo kamodzi kokha, nyumbayo ikhala pansi. Ndipo mvula inali itangoyamba kumene. Ndinatuma mpongozi kukauza amayi ake kuti asamukire kwathu mpaka nyengo itapita. Anabweza mawu aulemu kwambiri: azikomo, koma nyumba imene amuna awo anaumba njerwa zake ndi manja sangaisiye kuti igwe yokha ngati ilibe mwini. Ndinapsa mtima ndi makani amenewo, ngakhale ndikudziwa kuti ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi, koma mokweza.

Munthu wapakamwa akalakwa amayamba wafuna wina womukalipira. Ndinapita kwa tcheya wa zoni yakumunsi, bambo wachikulire wokonza nsapato, n'kuwafunsa kuti anthu awo amachita chiyani Loweruka, poti ngalande yawo ikulephera kulandira madzi. Sanakwiye. Anaika nsapato pansi n'kunena kuti tiyende. Tinatsata kangalande kawo, ndipo manyazi anandigwira poona kuti kanali kosesedwa bwino. Kanakathera pamsewu waukulu wa tala, pomwe pali kalavati, chipaipi cha simenti chodutsitsa madzi pansi pa msewu. M'kati mwake munali mutadzaza mchenga ndi mapulasitiki, zitalimba gwa, pongotsala kampata koti mphaka n'kukwawamo.

"Ise tichosa vinyalala mpaka apa," anatero. "Mukati umu mufunika mashini. Aka kampata kenze kukwanisa manzi yasu. Manje mwatipasa na yanu yonse pa ntawi imozi."

Ndinasiya makala m'manja mwa mpongozi n'kuyamba kukwera maminibasi. Ku ofesi ya wadi anati msewu wa tala si wawo, ndipite kukhonsolo. Kukhonsolo, pa tebulo loyamba, anati misewu ya m'komboni ndi yawo ndithu, koma umenewo ndi wa boma lalikulu, ndipite kwa a misewu. Kwa a misewu ndinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka m'mimba munayamba kulira, ndipo bambo amene anandilandira anavomera kuti msewu ndi wawo, kalavati ndi wawo. Ndinati basi, ndafika. Koma anandifunsa kuti akatsegula kalavatiyo, madzi akatulukira tsidya linalo, agwera m'nyumba za yani? Tsidya linalo ndi wadi ina, ya khansala wina, ndipo kulibe ngalande. Iwo sangatsegule mpaka a khonsolo ndi a wadi imeneyo atakonza kolowera madzi. Munthuyo ankakana kuchita ndendende zimene ine ndinachita.

Ndinabwerera kukhonsolo, ndipo ulendo uno ndinakhala pansi pakhonde n'kunena kuti sindichoka mpaka ndionane ndi munthu wodziwa za ngalande. Anandilowetsa kwa injiniya. Ndinkayembekezera bambo wamimba, koma anali mtsikana wa magalasi, wa msinkhu wa mpongozi wanga. Anandipatsa mpando, anamvetsera osandidula mawu, kenako anatsegula mapu pa kompyuta n'kundionetsa Kanyama yense. Zoni yanga, imene ndinkayenda nayo modzitama, inali kachidutswa koti chala chake chimodzi chinakaphimba konse.

"Ba mami, dreneji bayambila pansi, kwamene manzi yayenda kusilila, ndiye bakwela nayo pamwamba. Imwe munayambila pamwamba. Anakuuzani ndani?"

"Palibe," ndinatero. "Nanga imwe munali kuti pamene ise tenze kutsokomola utsi wa matayala?"

"Ninaona chabe mapikicha, pamene mwasiliza kale kukumba."

Sanandinamize. Anati alemba makalata, akumanitsa a misewu ndi a wadi ya tsidya lina, koma makina otsegulira makalavati akudikiridwa ndi makomboni ambiri, ndipo kwathu sangafike mvula isanathe. Ndinamuuza za khoma la asewere. Anavula magalasi.

"Manzi yamene yali kwabo ni yamene yenze kunkala kwanu," anatero pang'onopang'ono. "Ine siningakuuzeni vochita na dreneji yanu."

M'minibasi pobwerera ndinakwiyira aliyense, koma wabodza sindinamupeze. Ine ndimaona mpaka pachigayo. Wokonza nsapato amaona mpaka pamsewu, a misewu amaona chipaipi chawo. Mtsikana wa magalasi amaona zonse, koma ali patali moti mng'alu wa khoma la mayi wa zitumbuwa suoneka pa kompyuta yake. Aliyense anali ndi mbali yake, ndipo mbali imene ine ndikanatha kuigwira ndi manja anga sabata imeneyo inali imodzi yokha. Potsika pasiteshoni ndinali nditadziwa kale chochita, ndipo chinkandinyansa.

Lamlungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi, ndinaitanitsa msonkhano pachigayo. Ndinafotokoza za kalavati, za maofesi, za makina amene sabwera msanga. Kenako ndinanena kuti ngalande yathu tiitseke ndi masaka mpaka kalavati atatsegulidwa, madzi abwerere m'mabwalo mwathu ngati kale. Poyamba anthu anaseka, ankayesa nthabwala. Ataona nkhope yanga phokoso linabuka. Bambo wa mageti anaimirira, maso atafiira.

"Myezi faivi! Myezi faivi natsokomola vakuda, manje mukamba ati titseke? Ba tcheya, mwadwala?"

Mayi uja anandisankhitsa pa utcheya analankhula ali chikhalire, ndipo mawu ake anaposa phokoso lonse.

"Nichifukwa ni ba sebele banu. Sembe ni muntu chabe, sembe munayendako?"

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinafuna kumuyankha za mwamuna wake, koma ndinameza.

"Zoona," ndinatero. "Sembe sininayende. Sembe nikali kuvina. Koma nayenda, naona, manje siningachite monga sininaone. Nyumba yanga ndiye ili pafupi na chigayo. Manzi yakabwelela, yazayambila kuli ine. Wamene afuna kukana, ayambe ayenda akaone."

Si onse anapita, koma ambiri anapita, ena adakali ndi zovala za kutchalitchi. Sanaone khoma la asewere lokha. Anaona mzere wa matope m'makoma a nyumba zambiri, zimbudzi zosefukira, mayi wina wobereka khanda akuyanika ufa ndi mabuku a sukulu pa malata. Anthu akumunsiwo sanatinene, ankangotipatsa moni, ena n'kutitulutsira mipando. Titafika pachigayo bambo wa mageti analavula pansi n'kunena osandiyang'ana:

"Mumasaka musaike dothi, izasungunuka. Muike mchenga na miyala. Nizakulangizani poika."

Lolemba tinatseka. Tinaika masaka malo atatu, n'kusiya kampata koti madzi azidutsa pang'onopang'ono, okwanira kangalande kakale kaja. Otsalawo aziyamba adzaza bwalo la mpira la m'zoni mwathu ndi mabwalo athu. Miyala imene tinathira m'masakamo inali yomwe ija tinaiphwanya ndi moto. Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndi ukali ndikumanga pakamwa pa saka, chifukwa chinthu chokongola ngati ngalande imeneyo ndinali ndisanapangepo m'moyo wanga. Mabanja ena anathamangira kukweza makomo awo, ndipo sindinawaletse. Bambo wa mageti anati andimangire inenso mzere wa mabuloko mwamsanga, koma ndinakana. Ndinali nditalonjeza pagulu kuti madzi ayambira kwa ine, ndipo munthu wapakamwa alibe chuma china koma mawu ake.

Disembala yense tinakhala ngati kale. Miyala yopondapo inabwerera, nsapato zinabwerera m'mapepala a pulasitiki, udzudzu unabwera ndi abale ake onse. Mabanja ena anasiya kugula makala kwa ine. Wina anang'amba masaka awiri ndi mpeni, tinaikapo ena. Pali mayi wina mpaka lero akandiona amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mawaya a magetsi. Ndipo asewere sanabwere kudzathokoza. Ankangotumiza moni kudzera mwa mwana wawo, nthawi zina ndi zitumbuwa m'kambale. Zimenezo zinkandidya m'kati. Ndinkadziuza kuti sindinachitire kuyamikiridwa, koma ndinkanama. Ndinkafuna abwere anene.

A komiti ya wadi anandiitana kuti ndikayankhe mlandu wowononga chitukuko, poti chithunzi cha ngalande yathu chinali chitapachikidwa kale mu ofesi mwawo. Ndinapita ndi wokonza nsapato, ndipo ndinawauza kuti mlanduwo ndiyankha, koma osati pampando, avale majombo. Anayang'anana, koma anabwera. Anaitananso tcheya wa tsidya la msewu, ndipo tsiku limenelo, koyamba chibadwire changa, anthu a mipando yosiyana anayenda limodzi kutsata madzi kuchokera panyumba yoyamba ya zoni yathu mpaka kuseri kwa msewu wa tala. Injiniya uja anabwera nawo, ndipo atafika pakhoma la asewere analowetsa dzanja lake mumng'alu n'kukhala nthawi osalichotsa. Mlandu wanga unafera m'matope momwemo.

Makina anabweradi mvula itatha. A tsidya lina anakumba ngalande yawo m'chilimwe, akumunsi anakulitsa yawo, ndipo ife tinachotsa masaka komalizira. Ngalande yathu ikugwira ntchito lero, ndipo alendo akabwera ndimawaonetsa ngakhale asanafunse. Koma wina akandifunsa chimene ndimanyadira pa zaka zanga za utcheya, sinditchula kukumba. Ndimatchula tsiku lina la mu Januwale, masaka adakali m'ngalande.

Tsiku limenelo mvula inayamba tikudya chamasana, ndipo sinapume. Ndinaona ngalande ikudzaza, madzi akugunda masaka, n'kuima, n'kuyamba kubwerera. Anadzaza bwalo la mpira, anadzaza bwalo langa, kenako analowa pansi pa chitseko mwakachetechete. Ine ndi mpongozi tinakweza masofa pamabuloko, ufa patebulo, zikalata pamwamba pa kabati. Madzi anafika m'akakolo, anapitirira. Mvula imeneyi inaposa ija ya mu Novembala, ndipo mantha anandigwira: mwina madzi adumpha masaka, mwina ndamiza mabwalo a anthu anga pachabe ndipo khoma lagwabe. Itangoyamba kukata, mpongozi anathamangira kwa amayi ake. Ine ndinatsala. Ndinaima pakhomo, madzi akuzungulira misongolo yanga, maso ali kuchigayo.

Patapita nthawi ndinaona anthu awiri akubwera, akuyenda movutika m'madzi. Kutsogolo kunali asewere, atasenza ndowa yaikulu, mpongozi ali pambuyo. Ndinati basi, nyumba yagwa, zimene asenzazo ndi zokhazo apulumutsa. Ndinayamba kuganiza za chipinda choti ndiwagonekemo, m'nyumba yodzaza madzi.

Atafika anatula ndowayo. Munalibe katundu, munali chisaka chokolopera ndi mbale yotungira.

"Nyumba ilipo, ba sebele," anatero. "Manzi siyanangene."

Iwo anapindira chitenje m'mawondo n'kulowa m'nyumba mwanga, mmene chikwatirane cha ana athu anali asanapitirirepo mpando wa alendo, ndipo anawerama n'kuyamba kutunga.

"Asewere, iyayi," ndinatero. "Simungakolope munyumba mwanga. Bantu bazakamba chani?"

Sanaweramuke n'komwe.

"Aya manzi ni yanga," anatero. "Nabwela kutenga."

Ndinatenga poto wamkulu kukhitchini n'kuwerama pambali pawo, ndipo tinatunga awiri mpaka simenti inaoneka.